Jombo pa Khomo la Mizimu

1. Makhitchini Asanu

Naw Din analowa usilikali ali ndi zaka khumi, zisanu ndi zitatu. Ndikamukumbukira mnyamata ameneyu chisoni chimandigwira, chifukwa sanali woipa mtima ayi. Anali wopupuluma chabe, mmodzi wa anthu aja oyankha funso lisanathe.

Anamutumiza ku linga la Tingrang, pamwamba pa mtsinje wa Mali, kumene kunkakhala Gulu la M'malire. Ulamuliro wa azungu unkathera pamtsinje pomwepo. Kutsidya kunali mapiri amene anali asanalawepo lamulo la mzungu, ndipo kumeneko ndiye kunali kwawo kwa mayi ake.

Tsiku loyamba chimene chinamudabwitsa si mfuti, koma makhitchini. Linga limodzi, lipenga limodzi, makhitchini asanu! Asikhi, aja a nduwira ndi ndevu, ankaphika paokha. Apunjabi, amene ankasamala nyulu ndi timizinga ta m'mapiri, sankafuna kumva ngakhale fungo la nkhumba. Agurkha mbuzi ankaimwera msuzi, koma ng'ombe ayi. Achin anali ndi moto wawo kuseri kwa khola. Ife Akachin wathu unali pafupi ndi chipata.

Mtundu uliwonse unali ndi gulu lakelake la asilikali pafupifupi zana, limene ankalitcha kampani. Malamulo a pa perete ankaperekedwa m'chilankhulo cha ku India, chimene aliyense ankangochitola pang'onopang'ono. Naw Din anachimeza msangamsanga. Jombo zake zinkawala kuposa za wina aliyense, mpaka anzake anam'patsa dzina loti Kopolo wa Mawa. Iye m'malo mokwiya ankangomwetulira, dzinalo linkamukomera.

2. Chenjezo la a Sajeni

Mu kampani ya Akachin munali mkulu wina, a Sajeni Sumlut Yaw, amene anali atagwira usilikali zaka makumi awiri ndi zisanu. Mutu unali utayera mbuu, ndipo sankakonda zoyankhulayankhula.

Masana ena anyamata akupukuta mfuti pamthunzi, a Sajeni anamva Naw Din akudzitama kuti iye tsopano bambo ake ndi mayi ake ndi Gulu la M'malire. Anamuitana ndi chala, n'kumulozera pansi kuti akhale.

"Iwe mwana wa a Kareng," anatero, "bambo ako ine ndimawadziwa, ali ndi miyendo iwiri ngati ine ndemwe. Gulu ili silinakubereke. Tchera khutu ndikuuze m'mene linabadwira, poti ine ndinaliona likadali khanda.

"Poyamba muno munalibe Mkachin ngakhale mmodzi. Azungu atalanda dziko la kuchigwa anapeza kuti mapiri sakuwamvera. Ndiye anakatenga Asikhi ndi Apunjabi ku India, makampani awiri, kuti adzagonjetse ifeyo. Anthu ataliatali aja anazunzika ndi misundu ndi malungo. Pamenepo azungu anawonjeza Agurkha, poti nawonso ndi ana a m'mapiri. Kampani yachitatu imeneyo ndiyo inatentha mudzi wathu, ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nditabisala m'munda wa zilazi.

"Patapita zaka mzungu anaona kuti munthu amene amamusautsa pokwera phiri angathenso kumukwerera phirilo. Anayamba kulemba ife, kenako Achin. Malaya ndavalawa ndi ofanana ndi a anthu amene anatentha nkhokwe ya mayi anga. Ndimawasita, ndimawavala, koma sindinaiwale.

"Makhitchini asanu aja usaganize kuti ndi ulemu okha. Anthu osadyera mbale imodzi sapangana. Kuchigwa kukabuka chipolowe amatumiza ife, chifukwa a kuchigwa si abale athu. Kuno kumapiri kukavuta amatumiza Agurkha, ife n'kutisiya tikusesa linga. Galu samutuma kukaluma pakhomo pamene anabadwira. Mzungu zimenezo amazidziwa bwino.

"Koma pali chinthu chimodzi chimene Mgurkha alibe. Sadziwa njira zathu. Tsiku lina adzatiimika pamzere n'kufunsa kuti ndani akudziwa njira ya kwakuti. Tsiku limenelo, mwana wanga, uyang'ane pansi. Usanduke chitsiru. Uchitsiru wa tsiku limodzi supha munthu. Ine ndinayankhapo funso limenelo kamodzi, ndili msinkhu wakowu, ndipo mpaka lero kuli mudzi umene sindingapempheko madzi akumwa."

Naw Din anathokoza mwaulemu n'kunena kuti wamva. Koma nthawi yonseyi maso ake anali pa mizere itatu ya pamkono wa malaya a Sajeni. Mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

3. Funso pa Perete

Anthu atakolola mpunga, lamulo linafika ku linga kuti mfuti zonse za m'midzi ya kutsidya zilandidwe. Midzi ina inapereka. Mudzi wa Ura Bum unakana.

Ku Ura Bum ndi kumene kunkakhala a Dashi Gam, amalume a Naw Din, mlongo wa mayi ake. Mnyamatayu anakhala m'nyumba mwawo zaka zinayi ali mwana, nthawi imene mayi ake ankadwala. Komanso, monga mwa mwambo wathu, a mfunda wa Kareng, wa bambo ake, amakwatira kwa a mfunda wa Dashi. Mayi ake anachokera m'nyumba imeneyo, ndipo msuweni wake Roi Ja, mwana wa amalumewo, ndiye ankamusungira kuti adzakhale mkazi wake. Nyumba imeneyo inali tsinde la ubale wonse umene Naw Din anali nawo.

M'mawa wina Kaputeni wachizungu anaimika kampani ya Akachin pa perete. Anafotokoza kuti anthu a ku Ura Bum atseka njira yaikulu ndi mpanda, ndipo azika zisonga za nsungwi paliponse. Agurkha akakwerera kumeneko kudzafa anthu mbali zonse ziwiri. Choncho ankafuna munthu wodziwa njira ina, ndipo munthuyo adzam'patsa mzere woyamba pamkono.

Amuna zana lathunthu anayang'ana pansi. Ena mwa iwo njirayo ankaidziwa ngati chikhatho chawo, koma anangoti phee. Kaputeni anafunsanso kachiwiri.

Naw Din ankadziwa kanjira ka akazi, kodzera m'khwawa, kamene amatsikira pokatunga madzi. Anali atadutsamo kambirimbiri akuthandiza Roi Ja kunyamula nsungwi za madzi. Asanaganize bwino, mwendo wake unali utaponda kale kutsogolo.

Perete atatha a Sajeni sanamukalipire. Anangomufunsa kuti kumudziko kuli ndani wake. Atamva kuti ndi amalume ake enieni, mkuluyo anatseka maso kanthawi. Naw Din anayamba kudziteteza, ati iye akufuna kupulumutsa abale ake, ati popanda kanjirako amalumewo adzawomberedwa pampanda.

"Mwina ukunena zoona," anatero a Sajeni. "Mwendo watuluka kale, sungaubweze. Koma tamvera ichi chokha. Ukawafikitsa, ukaime kunja kwa mudzi. Njira waonetsa, ntchito yako yathera pomwepo. M'nyumba ya munthu usakalowe, ndipo usakaloze kanthu ndi chala. Akakufunsa china chilichonse ukanene kuti unali mwana, unaiwala."

4. Kanjira ka Akazi

Ananyamuka Agurkha makumi anayi, Kaputeni ndi womasulira wake, ndi Naw Din patsogolo. Anayenda masiku awiri. Wotsogolera Agurkhawo anali Kopolo Harkabir, munthu wamfupi, wansangala, amene ankagawana fodya ndi mnyamatayu n'kumamuseka kuti akalandira mzere asadzaiwale anzake osauka.

Tsiku lachitatu dzuwa litakwera anadutsa m'khwawa muja. Amuna onse a m'mudzimo anali kumpanda, maso ali kunjira yaikulu. Potembenuka anangoona asilikali ali mbwee pakati pa nkhokwe zawo, pamodzi ndi akazi ndi ana awo. Panalibe chochita. Anatula mfuti zawo pansi mmodzimmodzi, ndipo sipanalire chipolopolo ngakhale chimodzi.

Kaputeni anamusisita Naw Din paphewa pamaso pa onse. Nkhani ikanathera pamenepa, bwenzi mwina amalume ake atadzamukhululukira pakapita zaka, poti magazi sanakhetsedwe. Koma mnyamata uja sanakaime kunja kwa mudzi monga anamuuzira. Chiyamikiro chinamuledzeretsa, anangokhala pambali pa Kaputeni ngati mthunzi wake.

Kaputeni anali atamva kuti m'nyumba ya a Dashi Gam mwatsala mfuti ina. Mkuluyo anali atakhala pakhonde la kutsogolo pamodzi ndi nkhalamba zinzake, atatsekereza khomo. Sanatukwane, sanaopseze, anangokana kusuntha. Mzungu sanafune kuti asilikali ake akankhe nkhalamba anthu akuona, ndiye anauza Harkabir kuti apeze njira ina yolowera.

Harkabir anatembenukira kwa Naw Din n'kumufunsa ngati chinyumba chachitali chotere chilibe khomo lina.

Nyumba zathu zimakhala ndi makomo awiri. Lakutsogolo ndi la aliyense, mlendo, wamalonda, ngakhale mdani wobwera kudzakamba mlandu. Lakumbuyo lili pafupi ndi kathandala ka mizimu ya makolo, ndipo amadzera pamenepo ndi ana a nyumbayo okha. Mlendo akapondapo ndiye kuti watukwana akufa. Ngakhale woledzera wotheratu amazungulira n'kukatulukira kutsogolo.

Harkabir zimenezi sankazidziwa, ndipo sindingamuimbe mlandu. Naw Din anazidziwa akukwawa. Iye mwini analoledwa kudzera pakhomopo chifukwa amalume ake anam'phera nkhuku n'kumuonetsa kwa mizimu kuti ndi mwana wa m'nyumbamo.

"Lilipo kumbuyoku," anatero Naw Din. "Nditsateni."

Anakwera makwerero aja ndi jombo zake zamatope, Agurkha anayi ali pambuyo. M'nyumba munali mdima. Msilikali wina potembenuka anagunda ndi mfuti yake kansungwi ka mowa wa nsembe, mowawo n'kutayikira pansi. Anafufuza m'zipinda osapeza kanthu. Apo Naw Din anakumbukira pamene ankaona amalume ake akupisa dzanja pa tsiku la nsembe, m'denga, pamwamba penipeni pa kathandala kaja. Analoza ndi chala.

Anatulutsamo mfuti yakalekale ya gogodela, yokulungidwa m'nsalu yofiira. Anam'patsa iye kuti ainyamule, ndipo onse anayenda kutalika konse kwa nyumbayo mpaka anatulukira khomo lakutsogolo, kumbuyo kwa nkhalamba zija.

5. Mlendo Pakhonde

Anthu ataona asilikali akutuluka m'nyumba imene sanawaone akulowa, anadziwa pamene adzera. Mayi wina wokalamba anaphimba nkhope ndi nsalu yake.

A Dashi Gam anadzuka pang'onopang'ono, n'kusuzumira m'nyumbamo. Mapazi amatope ankaoneka kuchokera kukhomo la mizimu mpaka pakhonde. Atawayang'ana mokwanira anakhalanso pansi, n'kuitana Roi Ja kuti abweretse chakudya.

Mtsikanayo anabwera ndi mpunga wokulunga m'tsamba la nthochi, monga timachitira ndi munthu wapaulendo. Anagwada n'kuuika pamapazi a Naw Din, osamuyang'ana kumaso.

"Idyani, alendo," anatero, n'kubwerera m'nyumba.

Naw Din anayesa kuseka, akuganiza kuti ndi chisuweni chabe. Koma amalume ake anamuyang'ana ndi nkhope yofatsa n'kumufunsa funso limene timafunsa munthu amene sitinamuonepo.

"Pepani bambo, mfunda wanu ndani? Nanga mwachokera kuti?"

"Amalume, ndine Naw Din. Ndine mwana wa mlongo wanu."

"Naw Din ndimamudziwa," anayankha mkuluyo. "Ndinamubereka kumsana atalumidwa ndi njoka. Ndinam'phunzitsa kuluka mono. Mwana ameneyo ankavula ngakhale chisoti akamadutsa pa makolo ake. Inu ndinu msilikali wa boma, ndipo kanjira munawaonetsa anzanuwo sindikukudandaulirani. Mwina mwatipulumutsa, ana anga ali moyo. Ndikanakuphikirani nkhuku chaka chamawa.

"Koma pakhomo paja, bambo, sipadutsa mlendo chimangire nyumba ino. Agogo anga anafera pampanda kuti adani asapapondepo. Lero apondapo popanda nkhondo, atatsogoleredwa ndi munthu amene ndinamuonetsa ndekha kwa mizimu. Kodi madzulo ano ndikawauza chiyani akufa? Ndikati sindinamudziwe, adzati unatibweretsera ndiwe.

"Ndipo mfuti mwanyamulayo mukuidziwa? Sinaphepo munthu, ngakhale nyani. Mpope wake unang'ambika inu musanabadwe. Imeneyo ndi imene bambo a Naw Din anabwera nayo, pamodzi ndi njati ziwiri, podzatenga mlongo wanga. Njati tinadya, zinatha. Mfutiyo ndiyo inatsala pamwamba pa makolo, kuti azidziwa kuti mwana wawo wamkazi anachoka mwaulemu ndipo kumene ali akukhala mwachilolezo chawo.

"Lero mwana wa a Kareng wabwera yekha kudzaitsitsa. Sindinamuitane, sindinamukakamize. Chimene a Kareng anapereka achitenga. Ndiye nanenso ndikatenga wanga. Mlongo wanga sangagone m'nyumba ya anthu amene alanda malowolo ake."

Za Roi Ja sanatchule n'komwe. Panalibe chifukwa chotchulira, poti ukwati uja unali utafera pomwepo.

Naw Din anathamangira kwa Kaputeni, akusakaniza zilankhulo, kumuchonderera kuti mfuti iyi yokha aisiye, ndi yakufa, singawombe. Kaputeni anamumvetsera bwinobwino, koma anati lamulo silisankha mfuti yamoyo ndi yakufa. Zonse zipita ku linga, kumene wosula zitsulo adzaziphwanya. Kenako anamuuza kuti asade nkhawa, mzere wake aulandira akangofika.

Harkabir anali atamva zonse kudzera kwa womasulira. Nsangala zake zija zinatha. Anamukokera mnyamatayo pambali n'kumuuza kuti kwawonso kuli malo a pamoto pamene mlendo sapondapo, ndipo munthu akhoza kufa chifukwa cha pamenepo.

"Bwanji sunandiuze, m'bale wanga?" anafunsa. "Ukanangoti khomo lina kulibe. Ine ndikanakhulupirira."

Mpunga uja unatsala pakhonde pomwepo, nkhuku zikuujompha.

6. Pa Mphambano

Anatsika phiri masana omwewo, tsopano podzera njira yaikulu. Mfuti zolandidwazo anazimanga m'mitolo, ndipo poti nyulu zinatsala kumtsinje, asilikali ndiwo ankasenza.

Kumunsi kwa phiri kuli mphambano. Njira yakumanja imapita ku linga, yakumanzere imawoloka mtsinje cha kumtunda n'kukafika kumudzi kwa a Kareng. Asilikali atakhala pansi kuti apume, anyamata awiri anawapitirira, zikwanje zazitali zili m'mapewa. Anali ana aamuna a Dashi Gam, asuweni ake a Naw Din amene ankagona naye mphasa imodzi. Anamudutsa ngati chitsa, n'kukhotera kumanzere.

Apo m'pamene mnyamata uja anagwetsa misozi, anthu akuona. Mayi ake anali atakhala kwa a Kareng zaka makumi awiri ndi zitatu. Minda yawo inali kumeneko, manda a ana awo awiri anali kumeneko, ndipo bambo ake, amene maso anali atayamba kuchita khungu, sankadya chophika munthu wina. Pofika mkucha mayiwo adzakhala akukwera phiri ndi kamtolo ka zovala pamutu. Mlongo wawo akaitana, mwambo suwalola kukana. Ndipo adzafunsa kuti walakwa ndani, asuweni aja n'kuwauza.

Madzi akatayika sawoleka, amatero akuluakulu. Koma mwana wa munthu amayesabe kuwola ndi manja.

Harkabir anabwera ndi mtolo umodzi n'kuuponya pamapazi a Naw Din. Kansalu kofiira ka mfuti ya malowolo ija kankaonekera pakati pa mfutizo. Mgurkhayo anayatsa fodya wake, akuyang'ana kumbali, n'kuyankhula motsitsa.

"Senza uwu, ndipo uziyenda pambuyo penipeni. Ine ntchito yanga ndi kuwerenga mitolo, za m'kati sindiziona. Kaputeni ndiye adzawerenga imodziimodzi, koma ku linga, mkucha. Ikadzasowa imodzi, wosenza mtolowo ndi ndende zaka ziwiri. Akasowa ndi munthu yemwe, amatuma ife kukamusaka, ndipo timam'peza. Ndangokuuza kuti udziwe."

Anachokapo osadikira yankho.

Lipenga linalira kuti ulendo upitirire. Asilikali anadzuka, n'kuyamba kulowa njira yakumanja mmodzimmodzi. Womaliza atakhota, Naw Din anali akadagwada pamtolo paja, zala zake zili pa mfundo ya chingwe.